M'mene akatswiri amadziwira zimene ziri m'kati mwa mapiritsi oletsa ululu

Mutu ukawawa, dzino likabvuta kapena thupi likaphwanya, anthu ambiri m'dziko muno sathamangira kucipatala. Amatuma mwana ku kantemba kuti akagule mapiritsi awiri, namwera madzi, nadikira kuti ululu uleke. Mapiritsi ambiri otere ndi oyera ndi obulungira, ndipo akangocotsedwa m'cikutiro cake palibe munthu amene anganene ndi maso okha kuti m'kati mwake muli ciani. Wogula amakhulupirira zimene zalembedwa pa cikutiro. Koma kodi ndani amatsimikiza kuti zolembedwazo ndi zoona?

Funso limeneli si lacabe. M'caka ca 2017, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization linalengeza kuti pa mankhwala khumi alionse amene amapezeka m'maiko osauka ndi m'maiko ongotukuka kumene, amodzi amakhala abodza kapena osafika pa muyezo woyenera. Njira imodzi yaikulu imene akatswiri amagwiritsa nchito pogwira mankhwala otere imachedwa chromatography. Nchito yake ndi kulekanitsa zinthu zimene zasakanizidwa, kuti ciriconse cionekere pacokha ndi kudziwika dzina lake.

Mankhwala anai amene amapezeka kawirikawiri

Ngakhale maina a mapiritsi oletsa ululu ndi ambirimbiri, mankhwala eni-eni amene amagwira nchito m'kati mwake ndi owerengeka. Oyamba ndi aspirin, amene Felix Hoffmann anakonza ku kampani ya Bayer m'dziko la Germany m'caka ca 1897. Aciwiri ndi paracetamol, amene anthu ambiri amawadziwa ndi dzina la Panadol, dzina limene linayamba kugulitsidwa ku Britain m'caka ca 1956. Acitatu ndi ibuprofen, amene Stewart Adams ndi anzake anapeza ku kampani ya Boots mumzinda wa Nottingham, ndipo anayamba kuperekedwa kwa odwala m'caka ca 1969 pa dzina la Brufen. Cacinai ndi caffeine, cinthu cimene cimapezeka mu khofi ndi mu tiyi. Caffeine payekha saletsa ululu kweni-kweni, koma amaonjezera mphamvu ya mankhwala enawo, n'cifukwa cake opanga mankhwala amamuika m'mapiritsi ena.

Mapiritsi ena amakhala ndi mankhwala amodzi okha, pamene ena amakhala ndi awiri kapena atatu. Mwacitsanzo, piritsi la Panadol Extra liri ndi mamiligalamu 500 a paracetamol ndi mamiligalamu 65 a caffeine. Piritsi la Excedrin la ku America liri ndi mamiligalamu 250 a paracetamol, 250 a aspirin ndi 65 a caffeine. Pamwamba pa izi, piritsi lirilonse limakhala ndi zomangira monga sitaci, zimene zimacititsa kuti ufa ugwirane n'kukhala piritsi.

Kudziwa amene ali m'kati mwa anaiwa ndi nkhani ya moyo. Aspirin ndi ibuprofen amatha kuyambitsa kapena kukulitsa zilonda za m'mimba. Aspirin saloledwa kwa ana osafika zaka 16 pokhapokha dotolo atalamula, cifukwa amatha kuyambitsa matenda a Reye amene amaononga ubongo ndi ciwindi. Paracetamol akapyola muyezo amaononga ciwindi. Motero munthu wa zilonda za m'mimba amene wamwa piritsi lolembedwa kuti paracetamol, pamene m'kati mwake muli aspirin, waika moyo wake pangozi osadziwa.

Kumene njirayi inacokera

Amene anayambitsa chromatography ndi Mikhail Tsvet, katswiri wa za zomera wa ku Russia amene anali kugwira nchito mumzinda wa Warsaw. Iye anafuna kudziwa ngati kubiriwira kwa masamba ndi mtundu umodzi kapena ndi mitundu ingapo yosakanikirana. Anatenga kapaipi ka galasi, nakadzaza ndi ufa wa coko, nathira pamwamba pake madzi obiriwira amene anasungunuliramo masamba, kenaka natsanulira mafuta opepuka a mtundu wa petulo. Pamene mafutawo anali kutsika m'kapaipi, kubiriwira kuja kunagawikana n'kukhala mizere yosiyana, ina yobiriwira, ina yacikasu. Tsvet anafotokoza zimenezi kwa akatswiri anzake m'caka ca 1903, ndipo m'caka ca 1906 anaipatsa njirayi dzina locokera ku Cigiriki lotanthauza kulemba ndi mitundu.

Kwa zaka zambiri nchito yake inanyalanyazidwa. Inadzatsitsimuka m'zaka za m'ma 1930, ndipo m'caka ca 1952 Archer Martin ndi Richard Synge a ku Britain analandira mphotho ya Nobel cifukwa cokulitsa njirayi. Mtundu wa chromatography umene umagwiritsidwa nchito kwambiri popima mapiritsi mwamsanga umachedwa TLC. Unayesedwa koyamba ndi Izmailov ndi Shraiber mumzinda wa Kharkiv m'caka ca 1938, ndipo Egon Stahl wa ku Germany ndiye anaukonza bwino m'zaka za m'ma 1950 kufikira unafala m'malabotale a dziko lonse.

Nzeru imene iri pansi pake

Aliyense amene anayatsapo koloboyi amadziwa kuti palafini amakwera yekha m'cingwe ca nyale popanda womukankha. Momwemonso mpendero wa citenje ukakhudza madzi, cinyezi cimakwera m'nsalu pang'ono-pang'ono. TLC imadalira kukwera komweku. Pamakhala zinthu ziwiri: cina cokhazikika, cina coyenda. Cokhazikika ndi ufa wosalala wa silica, wa mtundu umodzi ndi mcenga, umene umapakidwa mopyapyala pa kagalasi kapena pa kapepala ka aluminiyamu. Coyenda ndi madzi osungunulira, amene si madzi akumwa ai, koma mankhwala amadzi-madzi monga ethyl acetate.

Pamene madziwa akukwera mu ufa wa silica, amanyamula ciriconse cimene apeza panjira. Koma zonyamulidwazo siziyenda pa liwiro limodzi. Tiyerekeze anthu anai amene anyamuka pamodzi pamudzi kupita kumsika. Woyamba ali ndi abale pa khomo lirilonse, ndipo pali ponse amaima kupereka moni ndi kufunsa za odwala. Waciwiri amaima mwa apo ndi apo. Wacitatu amangokweza dzanja napitirira. Wacinai ndi mlendo, alibe womuimika. Ola likatha, anthu anai amene ananyamuka pamodzi adzapezeka pa malo anai osiyana.

Ndi m'mene mankhwala amacitira. Amene amakakamira kwambiri pa silica amatsalira m'munsi, ndipo amene amasungunuka bwino m'madzi oyendawo osagwirana kwambiri ndi silica amafika patali. Cofunika kwambiri n'cakuti khalidwe limeneli silisintha. Ngati ufa ndi womwewo, madzi osungunulira ndi omwewo, ndipo kutentha ndi komweko, paracetamol adzaima pa msinkhu umodzimodziwo nthawi zonse, kaya anapangidwa ku India, ku Kenya kapena ku Lusaka.

M'mene piritsi limapimidwira

Katswiri amayamba ndi kusinja piritsi m'kamtondo kakang'ono mpaka likhale ufa. Ufawo amauthira mu methanol kapena ethanol ndi kugwedeza. Mankhwala eni-eni amasungunuka, pamene sitaci ndi zomangira zina zimakhazikika pansi ngati matsenga a thobwa. Madzi oyera a pamwamba ndiwo amatengedwa kukapimidwa.

Kenaka amatenga kagalasi kopakidwa silica nalemba mzere ndi pensulo pafupi-fupi sentimita imodzi kucokera pansi. Bolopeni saloledwa, cifukwa inki nayonso ndi cosakaniza ndipo ingakwere pamodzi ndi mankhwala n'kusokoneza zotsatira. Pa mzerewo amadonthezapo timadontho tating'ono pogwiritsa nchito kapaipi ka galasi kopyapyala ngati udzu. Kadontho kamodzi ndi ka piritsi limene likupimidwa. Ena ndi a mankhwala odziwika, otsimikizidwa kale: aspirin weni-weni, paracetamol weni-weni, ibuprofen ndi caffeine. Amenewa ndiwo mboni zimene piritsi lidzayerekezedwa nazo.

Timadontho tikauma, kagalasi kamaimikidwa m'botolo limene pansi pake pali madzi osungunulira ocepa, kawirikawiri ethyl acetate wothiridwa asidi pang'ono wa mtundu wa viniga. Madziwo sayenera kufika pa mzere wa pensulo, cifukwa akamiza timadontho, mankhwala angasungunukire m'botolo m'malo mokwera. Botolo limabvundikiridwa kuti nthunzi isathawe. Patapita mphindi khumi kapena makumi awiri, madzi amakhala atakwera kufika pafupi ndi nsonga. Katswiri amaturutsa kagalasi, nalemba msanga pamene madzi alekezera, nakasiya kuti kaume.

Apa pali bvuto limodzi. Mankhwala onse anaiwa alibe mtundu, kotero kagalasi kamaoneka koyera ngati sipanacitike kanthu. Pofuna kuthetsa bvutoli, ufa wa silica umasakanizidwa ndi cinthu cimene cimawala mobiriwira cikaunikidwa ndi nyale ya ultraviolet, kuwala kumene maso a munthu sakuona. Pamalo pamene pali mankhwala, kuwalako kumamezedwa, ndipo pamaoneka banga lakuda pakati pa kubiriwira. Katswiri amazunguliza banga lirilonse ndi pensulo nyale isanazimitsidwe. Njira ina ndi kuika kagalasi m'botolo la nthunzi ya iodine, imene imasandutsa mawanga ena, makamaka la paracetamol, kukhala ofiirira.

Kuwerenga mawanga

Ndi madzi osungunulira amene tachulawa, caffeine ndiye amatsalira m'munsi cifukwa amakakamira kwambiri pa silica. Pamwamba pake pamabwera paracetamol, kenaka aspirin, ndipo ibuprofen, amene mbali yaikulu ya mpangidwe wake iri ngati mafuta, ndiye amafika patali koposa onse.

Kuti zotsatira zilembedwe m'ciwerengero, akatswiri amayeza mitunda iwiri kucokera pa mzere wa pensulo: pamene banga lafika, ndi pamene madzi alekezera. Mtunda woyamba amaugawa ndi waciwiri, ndipo yankho limachedwa Rf. Ngati madzi akwera masentimita 8 ndipo banga laima pa masentimita 4, Rf yake ndi 0.5. Ciwerengeroci sicingapyole 1, cifukwa palibe cimene cingapitirire madzi amene acinyamula.

Komabe Rf imasinthako malinga ndi cinyezi ca mumpweya, kutentha kwa cipinda ndi kukhuthala kwa ufa wa silica. N'cifukwa cake katswiri sadalira ziwerengero za m'buku zokha, koma amaika mboni zija pa kagalasi komweko kuti zonse ziyende ulendo umodzi. Ngati piritsi lolembedwa kuti paracetamol laturutsa banga limodzi lofanana msinkhu ndi la paracetamol weni-weni, zolembedwazo zikugwirizana ndi zimene ziri m'kati. Piritsi la mankhwala atatu liyenera kuturutsa mawanga atatu, lirilonse moyang'anana ndi mboni yake.

Pali zinthu zitatu zimene zimaonetsa kuti cina cake calakwika. Coyamba, pamalo pamene payenera kukhala banga sipaoneka kanthu, kusonyeza kuti piritsi ndi coko kapena ufa wacabe. Caciwiri, banga limaoneka pa msinkhu wina, kusonyeza kuti muli mankhwala ena osati amene alembedwa. Cacitatu, banga limakhala pamalo pake koma ndi laling'ono ndi lozilala poyerekeza ndi mboni, kusonyeza kuti mankhwala alimo koma ndi ocepa.

Nthawi zina pamaoneka banga loonjezera limene silinayembekezedwe. Izi zimacitika kawirikawiri ndi aspirin amene wasungidwa pa cinyezi ndi pa kutentha, monga zimakhalira m'nyengo ya dzinja m'tumasitolo ta malata. Aspirin wotere amayamba kuphwanyika n'kukhala salicylic acid ndi asidi wa viniga. Ngakhale kunyumba munthu angazindikire zimenezi: mapiritsi a aspirin akamanunkha viniga, aonongeka ndipo ayenera kutayidwa.

Pamene TLC imalekezera

TLC ndi yocipa ndi yofulumira, koma ili ndi malire. Zinthu ziwiri zosiyana zingathe kuima pa msinkhu umodzi, ndipo cikatero katswiri amabwereza kupima ndi madzi osungunulira a mtundu wina. Komanso kukula kwa banga kumayerekezedwa ndi maso, kotero njirayi singanene molondola kuti m'piritsi muli mamiligalamu angati.

Kuti apeze ciwerengero ceni-ceni, akatswiri amagwiritsa nchito makina ochedwa HPLC. Nzeru yake ndi ya Tsvet yomwe ija, koma madzi osungunulira amakankhidwa ndi pampu ya mphamvu kupyola m'kapaipi ka citsulo kodzazidwa ndi ufa wosalala zedi. Mankhwala alionse amaturukira ku mapeto a kapaipi pa nthawi yakeyake, ndipo kacipangizo kounika kamajambula pa kompyuta cithunzi cooneka ngati timapiri. Nthawi imene kaphiri kaonekera imanena dzina la mankhwala, ndipo kukula kwa kaphiri kumanena kuculuka kwake. Malinga ndi muyezo wa buku la British Pharmacopoeia, piritsi la paracetamol liyenera kukhala ndi mankhwala apakati pa 95 ndi 105 peresenti ya zimene zalembedwa. Ndiye kuti piritsi la mamiligalamu 500 liyenera kupezeka pakati pa 475 ndi 525.

Palinso ngozi ina imene nyale ya ultraviolet siiona. Mankhwala amadzi a ana amasungunulidwa mu glycerin kapena propylene glycol. Nthawi zina amalonda osakhulupirika amasakaniza zimenezi ndi diethylene glycol, cinthu cotsekemera, copanda mtundu, cogwiritsidwa nchito m'mafuta a mabuleki a galimoto, cimene cimapha impso. M'caka ca 1990, ana 47 anamwalira pa cipatala ca yunivesite ya Jos ku Nigeria atamwa paracetamol wamadzi woipitsidwa ndi poizoniyu. M'zaka za 1995 ndi 1996, ana oposa 80 anafa ku Haiti mwa njira yomweyo. Pa 5 October 2022, bungwe la World Health Organization linacenjeza za mitundu inai ya mankhwala a cifuwa ndi cimfine imene inaganiziridwa kuti inali ndi mbali pa imfa za ana 66 ku Gambia. Pofika January 2023, bungweli linati ana oposa 300 anali atamwalira ku Gambia, Indonesia ndi Uzbekistan, ambiri a iwo osafika zaka zisanu.

Mankhwala otere angakhale ndi paracetamol wokwanira bwino, kotero wopima amene akungofunafuna paracetamol angawabvomereze. Poizoniyu amagwidwa motsimikizika ndi mtundu wina wa chromatography, umene coyenda cake ndi mpweya osati madzi. Phunziro lake n'lakuti labotale imapeza cokhaco cimene yakonzekera kufunafuna.

Labotale ya m'masutukesi ndi udindo wa boma

Makina a HPLC ndi okwera mtengo, amafuna magetsi osazima-zima ndi anthu ophunzitsidwa bwino. Pofuna kuthandiza maiko amene alibe makina okwanira, bungwe la ku Germany limene tsopano limachedwa Global Pharma Health Fund linakonza, ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, labotale yonyamulika yochedwa Minilab. Zipangizo zake zonse zimakwana m'masutukesi, ndipo mtima wake ndi TLC. Wopima amaika pa kagalasi mboni ziwiri, ina ya mphamvu yonse, ina ya 80 peresenti. Ngati banga la piritsi lacepa kuposa mboni ya 80 peresenti, gulu lonse la mankhwalawo limakayikiridwa ndipo limatumizidwa ku labotale yaikulu kuti likatsimikizidwe. Amayesanso ngati piritsi limasungunuka m'madzi ofunda ngati thupi la munthu, cifukwa piritsi losasungunuka limangodutsa m'mimba osathandiza kanthu. Labotale yotereyi ingagwire nchito pa cipata ca m'malire kapena pa cipatala ca kumudzi.

M'dziko muno, udindo woyang'anira mankhwala uli m'manja mwa bungwe la Zambia Medicines Regulatory Authority, ZAMRA mwacidule, limene linakhazikitsidwa pansi pa lamulo la Medicines and Allied Substances Act la m'caka ca 2013, kulowa m'malo mwa Pharmaceutical Regulatory Authority. Bungweli limalembetsa mankhwala asanayambe kugulitsidwa, limapereka zilolezo kwa ogulitsa, limatenga zitsanzo pamsika kukazipima, ndipo likapeza colakwika limalamula kuti gulu la mankhwalawo licotsedwe. Popeza mankhwala ambiri amene timamwa amacokera kunja, nchito yopima ndiyo mpanda umene uli pakati pa wogulitsa wa kutali ndi mwana wodwala ku Chipata, ku Petauke kapena ku Matero.

Zimene wogula angacite

Palibe mai kapena bambo amene angacite chromatography m'khicini mwake, koma aliyense angathandize. Gulani mankhwala m'sitolo ya cilolezo kapena landirani kucipatala, osati kwa ogulitsa m'mabasi ndi m'misika amene amawayanika padzuwa. Kanani mapiritsi opanda cikutiro amene akulungidwa m'kapepala. Onani ngati pa cikutiro pali dzina la mankhwala, dzina la kampani, nambala ya gulu ndi tsiku lotha mphamvu. Nambala ya gulu ndiyo imathandiza akuluakulu kutsatira mankhwala oipa kufikira kumene anacokera, ndipo ndiyo imachulidwa pa wailesi pamene mankhwala akucotsedwa pamsika.

Werengani dzina la mankhwala eni-eni, osati la malonda lokha. Mankhwala ambiri a cimfine ali kale ndi paracetamol, ndipo amene amawamwera pamodzi ndi Panadol angapyole muyezo osadziwa. Munthu wamkulu sayenera kupyola magalamu 4 a paracetamol pa tsiku, ndiwo mapiritsi 8 a mamiligalamu 500, ndipo payenera kupita maola osacepera anai asanamwenso. Kumbukiraninso kuti mapiritsi oletsa ululu amatsitsa kutentha kwa thupi koma sapha tizilombo ta malungo, kotero wotentha thupi apite akapimidwe magazi.

Mapiritsi akasintha mtundu, akakhala ndi mawanga, akafumbutuka kapena akanunkha mwacilendo, musamwe. Mwana akamwa mankhwala amadzi kenaka n'kuyamba kusanza ndi kuleka kukodza, thamangirani naye kucipatala mutanyamula botolo lomwelo. Musalitaye. Perekani botololo kapena mapiritsi otsalawo kwa anamwino, kwa wosunga mankhwala kapena ku ZAMRA, cifukwa kupima kumayamba ndi citsanzo cimene munthu wina wasunga. Botolo limodzi likafika ku labotale nthawi yabwino, gulu lonse la mankhwala oipa lingacotsedwe m'masitolo lisanafike kwa ana a anzathu.